Chitenje Chofiira cha Mai Rukia

Pa famu ya fodya kufupi ndi Glendale, Joana anasanduka mdani wa shedi yonse yosankhiramo fodya chifukwa cha foni. Sukulu anasiyira Fomu 2 atatenga pakati, koma atamva kuti bwana akubweretsa kamera yosankha fodya, sanakhale pansi kulira nawo anzake. Anapeza pa intaneti maphunziro aulere a nzeru za makina, zija amati AI, oti munthu amaphunzira pa nthawi yake. Nthawi ya Joana inali ya nkhomaliro, pachulu pogwira netiweki, mwana ali kubere.

Kapitawo Nevermind atamuona, anamupatsa ntchito yojambula masamba ophunzitsira kamerayo. Akakana, apereke makiyi a nyumba ya kukomboni. Amayi a mushedi anayamba kumutcha mutengesi, kutanthauza wogulitsa anzake. Pampopi ankamuchotsera ndowa pamzere. Mai Rukia, amene anasankha fodya zaka makumi atatu, anamuuza pamaso kuti makolo awo sanayende pansi kuchokera ku Mangochi mpaka kudziko la eni kuno kuti iwo adzachotsedwe ntchito ndi kamtsikana kosadziwa ngakhale fungo la tsamba lakupsa.

Tsiku loyesa kamera, bwana ananeneratu kuti ikasankha bwino, pa amayi makumi awiri patsala anayi. Ena onse ntchito yatha, nyumba nazo. Joana ankadziwa kuti pa anayiwo iye palibe, manja ake ngochedwa.

Kamera inasankha masamba khumi osaphonya.

Apo Joana anakumbukira phunziro la dzana lake, loti makina sadziwa chinthu, amangogwira chimene chabwerezedwa m'zithunzi. Mwambo wa shediyi unali woti masamba apamwamba onse amapita pa tebulo la Mai Rukia, ndipo iwo ankayala chitenje chofiira kuti thabwa lisawakande. Joana anawajambulira pachitenje pomwepo. Oipa anawajambulira pa matabwa opanda kanthu. Ngakhale poyesa kamera tsikulo, abwino anali pachitenje chomwecho, chimene tsopano Mai Rukia ankachipinda.

"Mayi, ndibwerekeni chitenjecho."

"Ukafunditse foni yako? Choka apa, mutengesi iwe."

Joana anachisolola m'manja mwawo osapemphanso. Anatola pansi tsamba lopondedwa, lobooka, naliika pachitenje pansi pa kamera. Kamera inati lapamwamba. Anatenga tsamba lokongola ngati golide naliika pathabwa. Kamera inati lotaya.

Nevermind anamukalipira kuti akuchititsa manyazi bwana pamaso pa antchito, ndipo madzulo omwewo alongedze. Bwana anamukhalitsa chete Nevermind ndi dzanja, nayesa yekha kanayi, nkhope ikufiira kuposa chitenjecho. Kenaka ananena kuti chaka chino onse atsala. Koma Joana ajambulenso masamba onse, popanda nsalu.

Palibe anaomba m'manja. Mai Rukia analanda chitenje chawo n'kuchikutumula ngati chagwera m'matope.

"Ndiye chaka chamawa udzaiphunzitse bwinobwino, eti? Itimalize?"

"Chaka chino denga muli nalo, mayi," anayankha Joana. "Kamera mukaitukwana siimva. Ine ndatsala ndi maphunziro asanu, ndiidziwe pomwe imapunthwa. Ofuna abwere pachulu."

Madzulo pampopi anapeza ndowa yake ili pambali, monga mwa masiku onse. Anasuntha mwana kumsana, naibwezera pamzere, patsogolo penipeni pa ndowa ya Mai Rukia, n'kuiponda ndi phazi mpaka nthawi yake itakwana.