Jeli wa Ababa

Azakhali anga a Bernadette ali ndi lamulo lomwe amalisunga kuposa malamulo khumi aja: wodwala salawa chozizira. Madzi akumwa amayamba awafunditsa. Nthochi amaziika kaye padzuwa. Zonsezi ndinkazidziwa, ndiye mwina wopusa ndine, koma mtima wanga sunaphwebe mpaka lero.

Ababa, a Makaiko, anatuluka m'chipatala atatsala mafupa okhaokha. Adokotala anati mankhwala agwira ntchito yake, chatsala n'chakuti adye, apo ayi tibwerera nawo. Sanamalize mawuwo koma ndinamva zomwe amatanthauza. Nanga adye chiyani? Phala la mpunga ankalikankha. Tinapha nkhuku, msuzi anangoununkhiza n'kutembenukira kukhoma. Azakhali, omwe anabwera kudzadwazika achimwene awowo, anayesa kunyengerera, anayesa kukalipa, mpaka kuwaimbira nyimbo ya kutchalitchi. Ababa pakamwa anangotseka.

Tsiku lina m'mawa ndikuwapukuta kumaso, ananong'ona kuti, "Tisungeni, ndikufuna jeli. Wofiira."

Sindinadabwe. Ali mnyamata ankagwira ukhukhi kwa mzungu wina ku Zomba, ndipo nkhani ya jeli tinakula nayo. Ankatisimbira mmene ankamunyamulira Lamulungu lililonse kupita naye patebulo, akuwala, akunjenjemera, alendo akuwomba m'manja. Tinaimva mpaka kutopa nayo. Koma tsopano munthu amene anakana nkhuku wapempha chakudya ndi pakamwa pake. Ndinamanga chitenje nthawi yomweyo.

Kwathu kuno ku Domasi mawaya a magetsi amangodutsa pamwamba pa nyumba, filiji tilibe. Pa Songani ndinalowa m'magolosale onse, ena akundionetsa jamu, ena akungondiyang'ana. Mapeto ake ndinakwera minibasi mpaka m'tauni ya Zomba, n'kugula mapaketi awiri a sitiroberi. Pobwerera ndinatsikira kwa Karima, mnzanga wa kupulayimale amene ali ndi golosale ya filiji pa Songani pomwepo.

Karima anatenga paketi n'kuyamba kuitembenuzatembenuza.

"Asisi, zinthu izi ena amapangira za nkhumba. Ngati zilimo, mu filiji mwanga sizilowa."

Ndinaima pamenepo thukuta lili kamukamu iye akuwerenga tizilembo tating'ono ngati tinyerere. Atapeza chizindikiro cha halali, anaseka n'kunditereka madzi. Tinasakaniza m'bakuli kuseri kwa golosale, n'kuika mu filiji. Chitseko chitangotsekedwa, magetsi anathima. Ndinayankhula mawu omwe mayi wa Mvano sayenera kuyankhula.

Ndinabwererako mawa lake. Magetsi anali atayaka, ndipo jeli anali atalimba. Kunena zoona anali wokongola. Wofiira, wowala, ukamugwedeza pang'ono n'kumavina yekha. Karima anaitana ngakhale makasitomala kuti adzaone. Tinakulunga bakuliyo m'chitenje chonyowa, tinazunguliza ayisi, ndipo wakabaza ndinamuuza kuti akangogunda dzenje limodzi tiyambana. Njira yonse ndinaifungatira pamiyendo, dzuwa likuswa mtengo.

Ndinapeza ababa ali m'tulo. Ndinaika bakuli pakona m'chipinda chochezera, n'kuthamangira kumjigo kukatunga madzi ozizira oti ndiikhazikemo. Kumjigo kunali mzere, ndipo amayi ena anafuna ndiwafotokozere matenda onse kuyambira pachiyambi.

Ndisanalowe ndi pampanda pomwe, ndinamva fungo la sitiroberi.

Azakhali anali atakhala pampando wawo pafupi ndi mbaula, poto ali pamoto, akutakasa modekha ndi supuni yaikulu. Bakuli yanga inali pambali, yopanda kanthu.

"Azakhali, mwachita chiyani?"

"Ndikufunditsa. Chinthu chozizira ngati mphuno ya galu ungapatse munthu wa chifuwa? Komanso sichinapse chimenechi, chimangonjenjemera. Ana a masiku ano kuphika kunakukanikani."

"Amadyedwa choncho. Ndayendera Zomba, ndayendera Songani kawiri, kuti alimbe. Inu mwamusungunula."

"Ndiye bwenzi utanena. Ine ndilota?"

Ndinatula ndowa mwamphamvu mpaka madzi anatayikira pamapazi pawo. M'potomo munali timadzi tofiira, tofuka nthunzi. Ndinakwiya koopsa, koma pansi pa mkwiyowo panali mantha. Chinthu chimodzi chokha chomwe ababa anapempha ndi chimenechi, ndipo sindinkadziwa ngati adzapemphanso china. Ndinakhala pakhonde n'kuyamba kulira, azakhali akupitiriza kutakasa ngati palibe chachitika.

Kenako m'nyumba munamveka mawu ofooka. "Fungo limenelo. Bweretsani kuno."

Azakhali anathira m'kapu n'kundidutsa mutu uli m'mwamba. Ndinawatsatira ndikupukuta misozi.

"Ababa, pepani, wawonongeka. Mawa ndikapanganso wina."

Anagwira kapu ndi manja awiri, anaomba pang'ono, n'kumwa. Anapumira, n'kumwanso. Anamaliza yense, kenako anapisa chala m'kapu, kupukuta m'mbali n'kunyambita.

"Ndi ameneyu," anatero.

"Koma ababa, jeli amakhala wolimba. Munkatiuza nokha."

"Wolimbayo ndinkangomunyamula, mwanawe. Ankapita patebulo, mbale zinkabwerako zoyera. Wanga anali wotsalira m'poto, asanalowe mu filiji. Ndinkamupukuta ndi chala akadali wofunda, kuseri kwa chitseko, dona wa mzungu uja asanalowe." Anandipatsa kapu ija. "Kodi phala lija lilipo?"

Anadya theka la mbale. Madzulo anadyanso.

Zaka zonsezi ankatisimbira kukongola kwa chinthu chomwe sanachilawepo, ndipo palibe mmodzi wa ife anaganiza zowafunsa kuti chimakoma bwanji. Zimenezi zinandipweteka kuposa ulendo wa ku Zomba.

Azakhali tsopano sakugwirika. Aliyense wobwera kudzazonda akumuuza kuti achimwene awo anawachiritsa ndi iwo, ine nditatsala pang'ono kuwapha ndi chisanu. Akamaliza amandiyang'ana n'kunena kuti mawu a akulu akoma akagonera. Ine ndimangoluma mano, chifukwa munthu amene walondola mwangozi sungamuuze kanthu.

Paketi yachiwiri ija ili kale mu filiji kwa Karima. Lamulungu likubwerali azakhali ndawapempha apite ku Malosa akaone adzukulu awo, ndipo mbaula ndikiyira m'chipinda mwanga. Ndiyala nsalu yoyera patebulo. Ababa akhala pampando wakumutu, supuni ili m'manja, ndipo mbale ya jeli wolimba ndiwanyamulira ndine.