Zenera pa Nsalu ya a Dailesi

Mpingo unali pakati pa nyimbo yachiwiri pamene khoma linayamba kuonetsa mizere yobiriwira. Mawu a nyimbo amene ankawala pakhomapo ananjenjemera, kenako khoma lonse linangoda bii. Achikulire anapitiriza kuimba pamtima, koma achinyamata, amene Chichewa amachimva koma kuchilankhula kumawavuta, anangong'ung'udza mpaka kufika pa ameni.

Luckmore anaweramitsa mutu. Sikanali koyamba zimenezi kuchitika.

Iye anali wamagetsi pa mgodi wina wa golide kunja kwa Bindura, ndipo kompyuta ya mpingoyo anaimanga yekha. Zipangizo zina anazigula ku Harare, koma khadi la zithunzi, kachipangizo kamene kamatumiza mawu ndi zithunzi ku pulojekita, analipeza kwa mnzake wa ku Shamva. Mabuku a nyimbo amene azigogo anabwera nawo kuchokera ku Malawi anali atatha, masamba ake akuyoyoka. Luckmore ankafuna kuti mawu a nyimbozo aziwala pakhoma kuti ana obadwira kuno aziimba nawo.

Mapemphero atatha, a Obert, mlembi wa mpingo, anamuitanira pansi pa mtengo wa mango. Anamuuza kuti akulu ampingo agwirizana kuti zikadzalepherekanso Lamulungu likudzalo, nyimbo za Chichewa zisiyidwa, aziimba za Chishona zimene aliyense amazidziwa.

"Makina akowa mwina sanabatizidwe, mufana," anatero a Obert akumwetulira. "Akangomva nyimbo amathawa."

"Ndiwatembenuza mtima, baba. Mundipatse sabata ino yokha."

Luckmore ananyamula kompyutayo kupita nayo kunyumba. Tsiku lililonse akaweruka ku mgodi ankaitsegula pa tebulo. Anazula khadi lija, napukuta mano ake achikasu, nalibwezera mpaka linalira kuti kete. Anapemerera fumbi lofiira limene linali litamatirira pa timafani take. Anasintha waya wopita ku pulojekita, natsimikiza kuti walowa pa khadi penipeni, osati pa kabowo ka pamwamba ka bolodi yaikulu. Anafufuta pulogalamu yoyendetsa khadilo n'kuikamo yatsopano. Mkazi wake anadandaula kuti masiku ano pemphero la chakudya likumathera pa makina.

Chomwe chinkamusowetsa mtendere chinali chakuti kunyumba kompyutayo sinkavuta ngakhale pang'ono. Anaganiza kuti mwina vuto ndi magetsi a kutchalitchi. Lachinayi anaibwezera komweko, nayeza soketi iliyonse, nayatsa nyimbo zonse imodziimodzi m'tchalitchi mopanda anthu. Khoma linawala mpaka dzuwa kupendeka.

Loweruka masana anapitanso, ali ndi mtima woti sachoka asanapeze chilemacho. Anayatsa makina, nakhala pa benchi lakutsogolo pamene amakhala ndi akwaya Lamulungu. Posakhalitsa analowa a Dailesi, mlongo wa malemu bambo ake, amene iye ankawaitana kuti Tete mwa Chishona, atasenza dengu la nsalu zochapa ndi zosita. Iwo ndiwo ankatsogolera amayi pokongoletsa tchalitchi. Lolemba lililonse ankachotsa nsalu zonse kukachapa, Loweruka n'kudzaziyalanso.

Anayala ya pa guwa, ya pa gome la mgonero, ya pa kabati. Pomaliza anatulutsa nsalu yoyera yokhuthala, yopetedwa mtanda ndi ngala za tirigu, naiveka kompyuta ija kuyambira pamwamba mpaka pansi, napindira m'mphepete mwake kunsi kuti fumbi lisapeze polowera.

Luckmore anaziona, monga ankazionera masabata onse, osaganizapo kanthu. M'tchalitchimo chilichonse cholemekezeka chinkavala nsalu. Koma patapita kanthawi timafani tinayamba kulira ngati galimoto yokwera chitunda, mizere yobiriwira inabwera, khoma n'kuda.

Anathamanga, napisa dzanja kunsi kwa nsaluyo, nalibweza msanga. Chitsulo chinali chitatentha ngati simbi. Anavundukula, nadikira kuti chizizire, nayatsanso, ndipo mawu anabwerera pakhoma ali oyera bwino.

Anayang'ana nsalu imene inali m'manja mwake. Ankadziwa kuti a Dailesi anaipeta ndi maso awo ofookawo, ndi ulusi umene anausunga kuyambira pamene mgodi wa Madziwa unatsekedwa, iwo ndi amuna awo n'kusamukira m'tauni.

"Tete," anayamba mofatsa, "chinthuchi chimapuma. Mpweya umalowera apa, wotentha n'kutulukira apa. Tikachifunditsa chimabanika, khadi limatentha n'kuzima lokha."

A Dailesi anaika manja m'chiuno. Anati chinthu chonyamula mawu oyamika Mulungu sichingakhale maliseche pamaso pa mpingo ngati wailesi ya kumowa. Luckmore anayesa kunena kuti nsaluyo ingathe kuyalidwa kunsi kwake, koma iwo anakana, nati nsalu yokhala ndi mtanda siikhalidwa. Apo iye anawauza zimene akulu ampingo anagwirizana.

Nkhope yawo inasintha. Anakhala pa benchi, nayang'ana khoma pamene panali mawu a nyimbo imene mchimwene wawo ankaikonda.

"Ndiye kuti ndine ndakhala ndikutseka ana pakamwa?"

"Ayi, Tete. Wolakwa ndine, sindinakuuzeni kuti chimapuma."

Anamuuza kuti awasonyeze malo enieni opumirawo. Iye anayala nsaluyo pa kompyuta yozima, nalemba ndi choko mbali imene khadi limakokera mpweya ndi kumbuyo kumene umatulukira. Mzere wa chokowo unadutsa pakati penipeni pa ngala za tirigu. A Dailesi anauyang'ana nthawi yaitali, kenako anapisa m'dengu natulutsa sizasi.

"Tete, dikirani, mwina tipeze nsalu ina."

"Chinsalu cha m'kachisi chinang'ambika kuti anthu alowe, mwanawe. Nanga yangayi ndi yopatulika kuposa chija? Gwira uko, ukoke bwino."

Anadula, ulusi wachikasu ukugwera pansi. Anakhala pomwepo akusoka m'mphepete mwa mabowowo, uku akuimba chapansipansi, Luckmore akuwapisira ulusi pa singano.

Lamulungu lake nyimbo yoyamba inatha, yachiwiri inathanso. Pofika pa yachitatu a Obert anasiya kuyang'anitsitsa kompyuta, nayamba kuimba besi. Mabenchi akumbuyo, kumene kumakhala achinyamata, ankatchula mawu ena mokhota ngati Chishona, koma ankaimba mokweza, ndime ndi ndime.

A Dailesi anali atasintha malo. Anakhala pafupi ndi kompyuta, ndipo nyimbo ili mkati ankatambasula dzanja pa kazenera ka nsalu yawo, kuti amve ngati mpweya wofunda ukutulukabe.