Phokoso la M'phunziro la a Sikisi

Tsiku la maphunziro a aphunzitsi, mayi wokolopa pasukulupo anauzidwa kuti akolope holo m'mamawa, abweretse tiyi, kenako asaonekenso. Anakolopa. Tiyi anabweretsa. Koma zosaonekazo anakana. Anaima pakona ndi thireyi m'manja, nkhope itakwinya, chifukwa dzulo lake anamva ahedi akunena kuti maphunziro akatha, laputopu yakale ya sukulu aifufuta yonse kuti alowetsemo zatsopano. Mulaputopumo munali mawu a mwamuna wake.

Malemuyo anaphunzitsa sitandade sikisi zaka zambirimbiri mpaka anthu anangomutcha a Sikisi. Asanadwale, ankabwera nayo laputopuyo kunyumba n'kumajambula maphunziro a masamu patebulo lodyera. Mayiyo zinkamunyansa koopsa. Munthu wamkulu, imvi mbuu, kumacheza ndi chitsulo! Tsopano patha miyezi isanu ndi itatu chimuikireni m'manda, mawu ake ayamba kuthawa m'mutu, koma kukapempha kwa ahedi pakamwa pankalemera. Apemphe iye? Amene anawakalipira ahediwo kawiri konse chifukwa cholowa ndi matope pokolopa kale?

Wophunzitsa anali mtsikana wowonda wa magalasi. Pofika teni koloko aphunzitsi anali atamupatsa kale dzina loti a Batani, poti chilichonse ankangoti, "Dinani batani." Anthu ozolowera kukalipira ana anali chete ngati ophunzira obwereza kalasi. Mphunzitsi wa sayansi ankayamba wanyambita chala asanakhudze tabuleti, ngati akutsegula buku.

"Tsopano tiphunzire kuchotsa phokoso pa zomwe mwajambula," anatero a Batani. "Mulaputopu yanuyi ndapezamo chitsanzo choipa kwambiri. Tamvani."

Anadina. Masipika anakhosomola, kenako mawu aja, odekha, okoka pang'ono: "Ana inu, tikadula lalanje pakati, mbali iliyonse timaitcha theka."

Mayi wokolopa anawazindikira mawuwo nthawi yomweyo. Ndi yemweyo, ndi kupuma kwake komwe. Koma asanameze n'komwe malovu, kumbuyo kwa mawuwo kunamveka mapoto kugubuduka, kenako kukhosi kwa mzimayi kong'amba khutu:

"Theka, theka! Theka la denga likudontha, inu muli phee kudula malalanje a m'maloto! Chotsani chinyama chanucho patebulo, ndiyale mbale!"

"Ndamva, amayi, ndamva," anayankha malemu.

Holo yonse inaphulika. Aphunzitsi akale, odziwa mwini kukhosiko, anayang'ana nsapato zawo mapewa akugwedezeka. Atsopano anaseka mosabisa.

"Ameneyu safuna sipika, ndi sipika kale!" anatero wina wa tayi yofiira.

"Bamboyu anapirira, abale," anawonjeza mnzake.

Mayiyo, ali pakona paja, anazimva zonsezo. Kodi amamveka choncho? Zaka zonsezi iye ankayesa kuti amalankhula ngati munthu.

A Batani anadina apa, anadina apo, n'kuseweranso. Mapoto zii. Mzimayi uja zii. "Ndamva, amayi" uja anamudula yekha ndi dzanja, akuti ndi mawu osafunikira kwa ana. Anatsala a Sikisi okhaokha, oyera ngati wowerenga nkhani pa wailesi.

"Mwaona? Tisunga choyerachi, chakalecho tifufute pompano." Chala chinayamba kutsika.

Thireyi inatera patebulo, makapu n'kulira.

"Mwana iwe, chotsa chala pamenepo!"

Mtsikanayo anadzidzimuka. "Pepani amayi, ndi phokoso chabe."

"Phokosolo ndine."

Wa tayi yofiira anatsamwa ndi tiyi. Ahedi anayamba kufunafuna m'thumba chinachake chimene munalibemo.

"Ndine, eya. Mapoto ndi anga, pakamwa ndi panga. Sekani mumalize, ndikolopa ndine malovu anuwo. Koma bambo woyera mwapangayu ine sindikumudziwa. Mwamuna wanga sanalankhulepo mawu asanu osadulidwa. Wanuyo sungani, muphunzitsire ana. Ine mundipatse wanga, ndi phokoso lake lomwe."

A Batani anavula magalasi n'kuwavalanso. "Foni muli nayo, amayi?"

Anaitulutsa m'thumba la yunifolomu, ya mabatani, yomangidwa ndi labala kuti batire isagwe. Mtsikanayo sanaseke. Anaisanthula, n'kupeza kuti ili ndi kakhadi kosungira zinthu.

"Zojambula zilipo makumi anayi ndi chimodzi," anatero. Anasewera china pang'ono, china pang'ono, china. "Amayi, kodi zonsezi mulimo?"

"Nanga ndikanakhala kuti? Ndi nyumba yanga."

"Chabwino. Aphunzitsi, phunziro lotsatira ndi kusamutsa zinthu kuchoka mulaputopu kupita m'foni. Aliyense asamutsa ziwiri."

Anapanga mzere. Mayiyo anaima pambali manja m'chiuno, osadziwa chilichonse cha zimene ankachitazo, koma akuyang'anira ngati ndiye mwini maphunziro. Wa sayansi atakweza chala kupita kukamwa, anamuuza kuti akasambe kaye. Itakwana nthawi ya wa tayi yofiira, mayiyo anamuyandikira.

"Mukataya ngakhale chimodzi, achimwene, mumva sipika ija pafupi."

Sanataye.

Madzulo dzuwa likadalipo mayiyo anaweruka, foni ataikanikiza kukhutu, akuzemba njinga ndi ogulitsa m'mbali mwa msewu. Chojambula choyamba anachimvera akupukuta m'maso ndi kolala. Chachiwiri chimodzimodzi. Pa chachitatu malemu ankafotokoza za kuchotsera, ndipo kumbuyo mzimayi uja ankafunsa kuti ndani wasiya mpopi ukutuluka madzi usiku wonse.

"Si ine, amayi," anatero malemu.

Mayiyo anaima chilili pakati pa njira.

"Bodza!" anakuwa. "Munali inu!"

Wogulitsa nthochi anasuntha dengu lake.