Khoma Lisanaume

Mpingo utamanga khoma latsopano kuseri kwa guwa, ntchito yolembapo mawu inapatsidwa kwa Kaburashi. Ankamutcha choncho chifukwa burashi sinkachoka m'thumba la buluku lake, ngakhale pamaliro. Mawuwo anasankha ndi akulu a mpingo: MULUNGU AMATSITSA ODZIKUZA.

Kaburashi analandira ntchitoyo ndi manja awiri, koma osati chifukwa cha mawuwo. Akulu a mpingowo anali ndi mwana wamkazi amene ankasesa m'tchalitchi Loweruka lililonse, ndipo kwa chaka chathunthu mtsikanayo ankamupatsa moni akuyang'ana kwina. Tsono Kaburashi anaganiza kuti dzina lake likakhala pakhoma, mtsikanayo azidzaliwerenga sabata ndi sabata, afune asafune, mpaka litatsikira mumtima.

Malume ake, amene anamuphunzitsa ntchito, anabwera kudzamugwirira makwerero. Anaika chikhatho pakhoma, kenako anachiyang'ana.

"Pulasitala uyu sanaume, mphwanga. Mupatse milungu itatu."

"Amalume, milungu itatu munthu akhoza kukwatiwa ndi wina. Khomali alitsegulira Lamlungu likubwerali."

"Ndiye lemba ndi penti wamadzi, khoma lizipuma. Wamafuta amatsekera chinyezi m'kati."

Mawu a Mulungu anawalembadi ndi penti wamadzi, ndipo dzuwa lisanafike pamutu anali atamaliza. Kenako anatsegula kachitini ka penti wamafuta wofiira, wonyezimira, amene ankamusungira tsiku lalikulu. Pansi pa mawuwo analemba dzina lake, chilembo chilichonse kutalika ngati mkono, n'kuwonjezera kuti KATSWIRI WA ZILEMBO. Izi zinamutengera masiku awiri.

Malume ake anabwerera m'mbuyo mpaka pakhomo, nayang'ana khoma lonse.

"Wamkulu ndani apa?"

"Pansipa panali malo ambiri, amalume."

"Aha," anatero, nanyamula makwerero awo.

Loweruka Kaburashi anavala malaya oyera, nasiya burashi kunyumba kwa nthawi yoyamba. Ali m'njira anakonza mawu oti akayankhe akamuyamikira. Atalowa m'tchalitchi anamva tsache likulira pasimenti.

Mawu a pamwamba aja anali gwa, osasuntha. Koma dzina lake linali litatupa matuza, lina litamatuka n'kumalendewera ngati khungu la njoka yofundula. KATSWIRI yense anali pansi. Mtsikana uja ankamusesera m'katoni.

"Apenta, mwabwera bwino," anatero. "Ndakusungirani. Chilembo chachikuluchi chagwa ndikuona, chatsika pang'onopang'ono ngati tsamba."

Kaburashi analandira katoniyo. Inali yopepuka kwambiri.

Nthawi yomweyo bambo ake a mtsikanayo analowa. Anavala magalasi, nawerenga mawu a pakhoma mokweza, liwu ndi liwu. Kenako anayang'ana pansi, nayang'ananso m'katoni.

"Ndinkavutika kuti mawa ndidzalalikira chiyani," anatero.

"Ndi chinyezi chabe, bambo."

"Inde, mwana wanga, chinyezi. Nanga chinyezicho n'cha yani?"

Kaburashi anaika katoni ija pansi.

Akuluwo atatuluka, mtsikanayo anamupatsa tsache. "Zina zalowa pansi pa mabenchi. Ine msana wanga si wotolera mayina a anthu."

Anagwada ndi malaya ake oyerawo, n'kumakwawa benchi ndi benchi, kutola tizidutswa tofiira. Tina tinali titakanirira pasimenti moti anachita kutikanda ndi chikhadabo. Atadzutsa mutu anapeza mtsikanayo akumuyang'ana, osati kwina ayi, iyeyo ndithu.

"Kani nkhope yanu ndi yotere," anatero mtsikanayo. "Masiku onsewa ndinkangoona kunsi kwa chibwano."

Kaburashi anadzuka msangamsanga. Sanathe kudikira.

"Ndiye amalume abwere liti kwanu?"

Mtsikanayo anamulanda tsache lija, naligogoda pabenchi kuti fumbi lichoke.

"Khoma likauma."

Lamlungu akulu a mpingo analalikira ola lathunthu akuloza kumbuyo kwawo, ndipo Kaburashi anakhala pabenchi yomaliza, pafupi ndi chitseko. Lolemba m'mawa malume ake anamupeza kuseri kwa guwa, ataika chikhatho pakhoma.

"Kwatsala milungu iwiri ndi theka," anatero malumewo. "Ukamaligwiragwira limachedwa."