Chithunzi cha a Virgil cha ku Ndende

Madzi atasefukira m'chigwa chathu anatenga khonde, firiji, nkhuku zisanu ndi chitini cha mabisiketi chomwe ndinkasungamo zithunzi. Za khonde ndi firiji anthu akutchalitchi anandithandiza. Za chitini palibe amene anandifunsa.

M'chitinimo munali zithunzi zinayi za amuna anga, malemu a Virgil Caudill. Zinayi zokha, pa zaka makumi anayi za ukwati. Munthu uja akaona kamera ankathawira kuseri kwa galimoto. Ana sitinakhale nawo, alongo awo anamwalira kalekale, ndiye panalibe woti ndikapempheko china. Patapita miyezi ingapo ndinadzuka m'mawa wina n'kupeza kuti nkhope yawo sindikuionanso. Manja ndikuwaona, malasha ali m'zikhadabo. Chifuwa chawo cha kumgodi chija ndikuchimva. Koma nkhope yangoti mbuu, ngati galasi lachita nthunzi.

Kenako ndinakumbukira malo amodzi pomwe a Virgil sakanatha kuthawa kamera. Mu 1979 anawagwira ndi mabotolo a kachasu kumbuyo kwa galimoto, nthawi yomwe kugulitsa mowa kunali koletsedwa m'boma lathu lino, kumapiri a Kentucky kuno. Anagona m'ndende masiku awiri. Aliyense wolowa mmenemo amamujambula atanyamula kathabwa ka nambala pachifuwa.

Lolemba ndinavala diresi lakutchalitchi n'kupita kukhoti. Pawindo la ofesi ya kalaliki ndinapeza Charlene Napier, mwana yemwe ndinkamusintha matewera mayi ake akapita kufakitale.

"Mayi Caudill! Nyumba ija yauma?"

"Yauma. Ndikufuna fayilo ya mlandu wa amuna anga. Caudill, Virgil, Seputembala 1979."

Anagogoda pakompyuta.

"Palibe mlandu wa dzina limeneli, amayi."

"Yang'ananso. Mwina zikhadabo zako zazitalizo zadina pena."

"Ndayang'ana. Palibe."

"Iwe Charlene, ndinabwera ndekha kudzawatenga pachipata icho. Tchalitchi chonse chinandinena mpaka Khirisimasi. Ukundiuza kuti ndinalota?"

Anasendera pafupi ndi windo, natsitsa mawu. "Amayi, mumvetsere bwino. Woweruza akalamula kuti mlandu ufafanizidwe, lamulo limati ine ndiziyankha kuti palibe. Sindinganene kuti unalipo. Sindinganene kuti unachotsedwa. Ndiye ndikuti, palibe."

Wochititsa zimenezo ndinali ine. Mu 2016 abusa anafuna kuti a Virgil aziyendetsa basi ya tchalitchi, koma pankafunika kalata yosonyeza kuti alibe mlandu. Iwo anati, "Ozella, zisiye, akukumbuka ndani?" Ine ndinati, "Ndikukumbuka ine." Ndinawalalatira mwezi wathunthu, pakudya, pogona, mpaka ndinawakokera kwa loya atavala taye. Tsiku lomwe chigamulo chinatuluka ndinaphika keke. Ndinkayesa amangochotsa dzina m'kompyuta basi. Palibe anandiuza kuti amafafaniza ndi munthu yemwe.

"Nanga chithunzi?" ndinafunsa.

"Zithunzi zimakhala kundende, osati kuno. Koma chigamulo chotere chimapitanso kumeneko, amayi."

Ndinawoloka msewu. Mkulu wa ndende anandivulira chipewa, anandipatsa mpando ndi khofi, kenako anandipatsa mawu omwe aja: palibe. Ndinamufunsa kuti boma lomwe limalephera kukonza mlatho wathu zaka khumi latha bwanji kumvera kapepala kamodzi mpaka kutentha nkhope ya munthu. Anandilola kulankhula mpaka nditatha. Ndikutuluka anandiperekeza pakhomo.

"A Doyle Fugate akadali moyo," anatero. "Ali kunyumba yosamalira okalamba, chipinda chachisanu ndi chinayi. Iwowo anapuma ntchito kalekale. Woweruza sanalamule kanthu za mutu wawo."

A Doyle ndi wapolisi amene anamanga a Virgil. Chiyambire tsiku limenelo sindinawapatsepo moni. Pamaliro a amuna anga anandipatsa dzanja, ine ndinapinda manja anga. Ndinakhala m'galimoto panja pa nyumba ya okalambayo mpaka dzuwa litanditentha ntchafu, kenako ndinalowa.

Ndinawapeza panjinga ya olumala pafupi ndi windo, kapaipi ka mpweya kali m'mphuno, chibambo chonse chija chitatha ngati nkhuku yonyowa.

"Ozella Caudill! Mwabwera kudzandimaliza?"

"Mulungu akukumalizani bwinobwino yekha. Muli ndi chithunzi cha amuna anga, chija munawajambula kundende?"

"Ndichisungirenji ine? Sanali chibwenzi changa."

Ndinatola kachikwama kanga kuti ndizipita.

"Komatu ndinamujambula katatu," anatero ndili pakhomo. "Filimu ya boma ndinaiwononga chifukwa cha chitsiru chanucho."

"Pakamwa panupo, a Doyle."

"Chitsiru, inde. Khalani pansi, mukunditchingira mphepo."

Ndinakhala pabedi.

"Koyamba anatsinzina dala. Kachiwiri ananyamula kathabwa ka nambala chadodolido. Ndinamuuza kuti, Virgil, ukangoseweranso ndikuwonjezera tsiku. Anati, a bwana, mkazi wanga akundidikira kunyumba ndi chiwaya choti andimenye nacho, wonjezani sabata."

"Mukunama. Sananene zimenezo."

"Ananena. Ndiye kachitatu anayesa kuoneka wachisoni. Koma mumamudziwa akamabisa kuseka. Ankaluma mlomo wam'munsi cha kumbali kuno, nsidze imodzi n'kukwera yokha. Chonchi."

Nkhalamba ija inachita chomwecho, ndi mkamwa mwake mopanda mano. Pomwepo a Virgil anabwera. Nkhope yonse. Makutu otuluka aja, kachipsera ka malasha pamphuno, maso aang'ono onyowa ndi kuseka, tsitsi loima kumbuyo ngati sanagone pakhomo. Ndinagwira chitsulo cha bedi. Anakhala mwina kupuma kuwiri, kenako mbuu, n'kutsala a Doyle ndi kapaipi kawo.

"Chitaninso."

"Amayi inu, ine si kanema."

"Ndati chitaninso."

Anachitanso. Ulendo uno sanabwere. Ndinangoona mkulu wodwala akukwinya nkhope.

"Mwalakwitsa. Inali nsidze ya kumanzere."

"Ya kumanja."

"Ndagona nawo zaka makumi anayi, inu masiku awiri."

"Nanga mwabwereranji kwa ine?"

A Doyle anayang'ana kuwindo, natsokomola nthawi yaitali.

"Zilipo zina," anatero. "M'mawa mwake m'ndendemo Virgil anaphunzitsa akaidi onse nyimbo. Komanso kuli za chaka chomwe tinkasewera mpira tonse kusukulu, inu musanamudziwe. Koma lero mpweya wanditha."

Namwino analowa ndi mankhwala n'kunena kuti nthawi ya alendo yatha. Ndinamufunsa masiku omwe amalola kuona anthu. Anati Lolemba ndi Lachinayi, masana.

Ndinaimirira. "Mumadya chiyani muno, a Doyle?"

"Zophikaphika zopanda mchere."

"Lachinayi ndibwera ndi nyemba ndi chigumu. Sikuti ndakukhululukirani."

"Sindinapemphe."

"Chabwino. Musafe lisanafike Lachinayi."