Imwani Khofi Wanu

Kutatsala masiku ochepa kuti akwawo kwa Laith abwere kudzafunsira mbeta, Tasnim anangoti, “Auzeni asabwere.”

Nkhosa tinali titagula kale, abale a ku mzinda wa Karak titawaitana kale. Amuna anga ndi a Mufleh, ndipo Tasnimyu ndi mwana wa malemu mng'ono wawo. Bambo ake anamwalira iye akukwawa, ndipo mayi ake, a Nawal, anamulera okha ndi makina osokera mpaka mwanayo anakhala namwino.

“Mnyamatayo sukumufunanso?” ndinamufunsa.

“Ndikumufuna, mayi aakulu. Koma oyankha alendowo akhale amayi anga. Apo ayi, zileke.”

Kwathu kuno, pa tsiku lotere akuchimuna amabwera chigulu. Timawathirira khofi wowawa, mkulu wawo n'kuika kapu pansi osamwa, kufikira mwamuna wamkulu wa kuchikazi atanena kuti, “Imwani khofi wanu.” Kuvomera kwake n'komweko. Akazife timamvera kukhitchini, khutu lili pachitseko.

A Mufleh atamva anadzambatuka ngati aponda khala la moto. “Mkazi m'chipinda cha amuna? Ine ndili moyo? Mukufuna tauni yonse indiseke!”

Amuna angawa si oipa ayi, koma akakakamira chinthu, eee, wotopa ndiwe. Ndinathamangira kwa Ghadir, mnansi wathu wogwira ntchito ku ofesi yosamalira anthu. Anabwera ndi mbale ya nkhuyu, n'kukhala pansi ngati wangobwera kudzacheza.

“Bambo a Odai,” anawaitana a Mufleh ndi dzina la mwana wathu, “Tasnim amagwira mbali iti kuchipatala kuja?”

“Kuja kwa... kwa odwala kuja.”

Ndinaseka mpaka misozi. Iwo anandiyang'ana ndi diso loipa.

“Atadwala chikuku ali wamng'ono, anamusamalira ndani?” Ghadir anapitiriza.

“Amake.”

“Anakafufuza khalidwe la Laith ndani?”

“Amake, ndi alongololo awa,” anatero akundiloza ndi chibwano.

“Nanga bwanji oyankha ndinu?”

“Chifukwa ndine mwamuna.” Mawuwo anaoneka ngati awadabwitsa eni ake.

“Mwayankha zoona,” anatero Ghadir. “Chimenecho chili ndi dzina, ndi ulamuliro wa amuna. Sindikuti mwamuna aliyense ndi wankhanza. Ndi dongosolo lomwe tinalipeza, loti mawu omaliza pakhomo, pa munda, pa ukwati ngakhale pamsonkhano amakhala a mwamuna chifukwa chongoti ndi mwamuna, ngakhale wasenza katunduyo ndi mkazi. Akazifenso timalithandiza. Si ndife timabwezera atsikana kukhitchini akasuzumira?”

“Ndiye mwambo tiutaye?”

“Ayi. Alendo abwere, khofi athiridwe, inu mukhale pampando wanu. Koma mwambowu anaukonza ndi anthu, ndipo anthu angathe kuukonzanso.”

A Mufleh anadya nkhuyu zonse. Ghadir akutuluka ndi mbale yake, ndi pomwe amuna angawo anati, “Alendo abwere. Mwanayo avale bwino, ndi amake omwe.” Ndinakamuuza Tasnim mawu omwewo, ndipo anavomera mokayikira.

Tsiku linafika. Chipinda chinadzaza amuna, ena mpaka pakhonde. Mkulu wa akuchimuna, a Haji Salameh, agogo ake a Laith, analandira kapu, n'kuika pansi, n'kunena chomwe abwerera.

Ndinamva amuna anga akutsokomola. “Alendo athu, mwana mukumufunayo ndi magazi athu, koma sindinamulere ine. Yankho lili ndi amene anamulera.”

Anatsegula okha chitseko cha kukhitchini. Ine, khutu lili pomwepo, ndinatsala pang'ono kugwera pamiyendo ya alendo. Manyazi ake!

A Nawal analowa, Tasnim atawagwira mkono. Msuweni wathu wina anatsonya n'kutuluka panja. Khofi anali kuzizira, ndipo khofi wozizira ndi chipongwe kwa mlendo. Ndinaopa kwambiri kuti akadzuka osamwa, ukwati wathera pomwepo.

A Haji Salameh anawayang'ana a Nawal nthawi yaitali. Kenako anaimirira ndi ndodo yawo, dzanja pachifuwa. “Mayi a Tasnim, pepani, ndinalankhula ndi munthu wolakwika. Tabwera kudzapempha mwana wanu.”

A Nawal anatembenukira kwa mwana wawo. “Mwana wanga, ukumufuna?”

“Eya, amayi.”

“Ndipo ntchito yake ya unamwino sadzasiya, mwamva?” anatero a Nawal akuyang'ana alendo.

“Tamva!” anakuwa Laith ali pakona, akuluakulu asanatsegule pakamwa. Chipinda chonse chinafa nacho chiseko, agogo ake akumuopseza ndi ndodo.

A Nawal anapukuta misozi ndi mpango. Mawu awo anatuluka aang'ono, koma aliyense anamva. “Imwani khofi wanu.”

Nthungululu zomwe ndinaimba tsiku limenelo, pakhosi panandipweteka sabata yonse. Tinadya mpunga ndi nyama ya nkhosa, amuna ndi akazi tikuseka, ndipo ngakhale msuweni uja anabwerera atamva fungo. Lero a Mufleh amauza aliyense kuti nzeru imeneyi inali yawo. Ndimangowasiya.

Anzanga, ulamuliro wa amuna si munthu woti timude, ndi dongosolo loti tilizindikire n'kulisintha, kuyambira pakhomo pathu. Pokambirana za moyo wa mkazi, mwini wakeyo akhalepo ndipo alankhule. Kwathu palibe mwamuna amene anachepa chifukwa chotsegula chitseko chija, koma mayi amene analera mwana yekha anamveka mawu ake.