Mafoloko pa Galasi la a Esinati

Njinga yamoto ya a Petro a kwa Kanduku inali yaikulu msinkhu kuposa ana awo onse. Anaigula chaka cha referendamu kwa mlangizi wa zaulimi amene ankapuma pantchito, ndipo ngakhale pamenepo inali itamwa kale fumbi la zaka zambiri.

Tsiku lina akutsika chitunda, akazi awo a Esinati ali kumbuyo ndi dengu la manachesi, mbuzi inadumpha msewu. Mbuziyo a Petro anaizemba, koma chitsa sanachizembe. Mafoloko, mapaipi awiri aja ogwira tayala lakutsogolo, anapindika. A Esinati anadzuka m'ngalande, nasasa chitenje, nalumbira anthu akumva kuti chitsulo chimenecho sadzachikweranso. Njinga nayo kuyambira tsikulo inkangokokera kumanzere ngati ng'ombe yoona dimba.

Patatha miyezi iwiri kunabwera uthenga woti mwana wawo Liness wachira ku Thambani. Mdzukulu woyamba!

"Ine ndipita wapansi," anatero a Esinati.

"Ndi bondo lanulo? Mukafika mwana atayamba kukwawa."

"Bola kufika mochedwa kusiyana n'kukafika m'machira."

A Petro mtima unawawa. Kukaona mdzukulu okha, mpando wakumbuyo wopanda munthu, apongozi akati chiyani? Ndiye anakatenga a Damiao, makaniko wa kumalire, amene anabwera kuno pothawa nkhondo ya ku Mozambique n'kungokhazikika.

A Damiao anafika ndi masipanala m'thumba la fetereza. Anakhazika njinga pamtondo, nachotsa tayala, nasolola mapaipi onse awiri, nakhuthula oyilo wakuda bii. Paipi yopindika kwambiri anaikulunga chiguduli, naipanikiza pamphanda ya mtengo wa mango, amuna awiriwo n'kumakoka pang'onopang'ono.

A Petro anatsinzina diso limodzi, naiyang'ana kuchokera kunsonga. "Yawongoka iyi!"

"Diso limanama, madala," anatero a Damiao. "Pakufunika galasi. Paipi yowongoka ukaigubuduza pagalasi imayenda chete. Yopindika imagogoda."

Onse awiri anacheukira kukhonde kumene a Esinati ankasenda mtedza. Galasi lalikulu m'mudzi monsemo linali limodzi, la a Esinati lodziyang'anira, mphatso ya paukwati.

"Mayi a Liness," a Petro anayamba motsitsa mawu.

"Ndamva kale. Munandigwetsa ine, lero mukufuna galasi langa."

"Mayi, sitiliswa," anatero a Damiao. "Ndikaliswa mundimete ndevu ndi chidutswa chake."

A Esinati anaseka osafuna. Analowa m'nyumba, natuluka nalo atalikumbatira ngati khanda, naligoneka pamphasa. "Koma manja anu akudawo asayandikire. Ndigubuduza ndekha."

Anaipukuta paipiyo ndi nsonga ya chitenje, naikankha ndi zala ziwiri. Inayenda, kenaka go, go, go.

"Imeneyi ndiye yowongokayo, bambo a Liness?"

Anabwerera nayo kumango. Kachiwiri, go, go. Kachitatu a Damiao anati basi yatheka, iwo sakumva kanthu. A Esinati anawerama mpaka khutu kutsala pang'ono kukhudza galasi, nakankhanso.

"Ikadalipo. Ikunong'ona."

"Mayi, imeneyo ndi mimba ya madala, sanadye!"

"Khutu ili limamva mwala umodzi m'lichero la mpunga. Kakokeni."

Anakoka, thukuta lili kamukamu. Ulendo wachinayi paipi inadutsa pagalasi myaa, osamveka ngakhale pang'ono. A Petro anavina pomwepo, nayamba kutola masipanala kuti amange.

"Nanga inzakeyo?" anafunsa a Esinati.

"Imeneyo sinapindike, taiona tonse."

"Mwaiona ndi diso lonama lija. Bweretsani."

Go, go. A Damiao anavula chipewa. "Mayi, ku galaja kwanga kuli malo. Madalawa azikhala pakhomo kusenda mtedza."

Dzuwa likupendeka, mapaipi onse awiri anali atavomerezedwa. A Damiao anathira oyilo watsopano wofanana uku ndi uku, namanga tayala. A Petro anayesa njinga pabwalo, nasiya chiwongolero pang'ono, iyo n'kumangopita patsogolo osacheukira dimba la munthu. Za ulendo sanafunse. Anaopa kuyankhidwa pamaso pa mlendo.

M'mawa mwake atatuluka kuti alize njinga, anapeza a Esinati atakhala kale pampando wakumbuyo, mpango kumutu, nkhuku ya Liness ili m'dengu.

"Paja munalumbira, mayi a Liness."

"Ndinalumbirira mafoloko anu aja. Awa ndi anga, ndinawayesa ndekha." Anawagwira malaya m'chiuno. "Tiyeni. Koma mukaona mbuzi, muime, muipatse moni, idutse."